Dzanja la aMbewe

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kuifuna. Nditalephera mayeso a giredi 12 ndinangokhala kwathu ku Mlolo, kupalira mtedza ndi kukangana ndi amayi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ndiye anabwera ndi uthenga wakuti ku boma kukufunika mtsikana wosamalira wodwala. Amayi anavomera ine ndisanatsegule pakamwa.

Wodwalayo anali aMbewe, kalipentala wakale ndiponso mkulu wa mpingo. Sitiroko inawapha mbali ya kumanja n'kuwalanda mawu. Mwana wawo, aEsinati, amene ankagwira ntchito muofesi, anandionetsa zochita: kuyala pulasitiki pansi pa nsalu ya pabedi, kuwatembenuza pafupipafupi kuti msana usachite zilonda, kuwapukuta ndi kathaulo ka madzi ofunda, kuwadzoza Vaselini m'zigongono ndi m'zidendene, ndi kuwanyamulira pa mpando wa matayala. Kudyetsa kokha sikunali kwanga. Agogo aakazi, akazi a aMbewe, ankatseka chitseko n'kuwadyetsa okha.

Ndinkadana nayo nyumba ija. Wodwala wotere sasiyidwa, ndiye ngakhale kumsika sindinkapita. Ndinkaima pazenera kuonerera maminibasi a ku Chipata akudutsa, mutu uli wodzaza: anzanga ali ku koleji, ine ndikuchapa nsalu zamikodzo. Ndinkadziona ngati munthu woganiza kwambiri. Kunena zoona, maganizo ake anali amodzimodziwo, kungozungulira ngati mbuzi ya pachingwe.

Kenaka agogo aakazi anapita ku Pembamoyo kukadwazika mng'ono wawo, kumalo kovuta foni, ndipo supuni inagwera ine. Ndinaphika phala la mtedza, ndinawakhazika aMbewe tsonga, ndinawaika kansalu pachifuwa. Supuni itafika pakamwa, analuma mano. Dzanja lawo lamoyo, lakumanzere, linayamba kufikisa zala m'mwamba. Ndinaganiza kuti likuyabwa, ndinalidzoza mafuta. Anandiyang'ana moti ndikanakhala thabwa akanandipala.

Ndinasintha phala, ndinayesa nthochi yokanya, ndinayesa mbatata. Madzi okha ndiwo ankamwa. Masaya anayamba kulowa. Anesi a kukiliniki anabwera, anawaona kukhosi, anati kumeza akumeza bwino.

Mmawa wina aEsinati anaima pakhomo chikwama chili m'manja n'kundiitana dzina langa. "Tisiyane, akapanda kudya lero, mawa ndiwatengera ku Chipata akawaike kapaipi m'mphuno. Sindingaonerere atate akufa ndi njala."

AMbewe anamva. Analira mopanda mawu, misozi ikulowa m'makutu chifukwa anali chagada. Ndinachita mantha, ndinapsanso mtima. Masana ndinabwera ndi mbale, anakananso, zala zili fikisefikise.

"Agogo, mukufuna chiyani kodi? Mukufuna kundipha ine?"

Ndinaika mbale pansi n'kukhala pasimenti, msana kuchitseko. Kothawira kunalibe. Poyamba mutu unathamangira kwake kwa masiku onse: tsoka langa, koleji, minibasi. Koma dzanja lija silinaleke, ndipo ndinayamba kuliyang'anitsitsa. Ndinadzifunsa kuti limachita zimenezi nthawi yanji. Posamba ayi. Powatembenuza ayi. Pomwa madzi ayi. Pokhapokha mbale ikalowa. Ndiye si kuyabwa. Kodi likuloza kanthu? Ayi, zala sizinkaloza, zinkangofikisana. Ndinayesa kuchita chimodzimodzi ndi dzanja langa, pang'onopang'ono, ndikudzifunsa kuti ine ndimatere ndikamatani. Ndinakumbukiranso agogo aakazi akulowa m'chipinda muja: kudzanja lina mbale, kudzanja lina kabeseni kobiriwira. Ine ndinkayesa kuti n'kolavuliramo.

Ndinakapeza kabeseniko kuseri kwa kabati. Ndinatenga jagi ya madzi ofunda, ndinagwada pambali pa bedi monga timachitira kwa akulu.

"Agogo, sambani m'manja."

Anatseka maso kanthawi. Kenaka anatambasula dzanja, ine ndikuthira, iwo akufikisa zala monga ankachitira masiku onse aja. Ndimati ndichotse beseni, anandigwira. Ndi dzanja lamanzere ananyamula lamanja lija, lakufalo, n'kuliika m'madzi. Analisambitsa chala chimodzichimodzi, mosafulumira, ngati akusambitsa khanda. Atatha anaweramitsa mutu, ine ndinapempherera chakudya. Anatsegula pakamwa.

Munthu amene wadya moyo wake wonse atasamba m'manja, ine ndinkamufikira ndi supuni ngati mwana wosadziwa kanthu, poti supuniyo inali m'dzanja langa. Agogo aakazi sanandiuze chifukwa zotere munthu sachita kuuzidwa.

AEsinati atabwera madzulo anapeza mbale ili mbee. Anafunsa kuti ndawapatsa mankhwala anji. Ndinawalozera kabeseni, anakhala pabedi n'kugwira pakamwa.

Sindinganame kuti nyumba ija ndinayamba kuikonda. Ndinakhalamobe wotsekeredwa mpaka aMbewe atamwalira, ndipo pazenera ndinkaimabe. Koma mpamene ndinadziwa kuti mutu kudzaza si kuganiza. Miyezi yonse ija ndinkangodzidandaula. Kuganiza ndinaganiza tsiku lija pasimenti, pamene ndinadziiwala n'kukhala ndi funso limodzi mpaka litayankhidwa. Lero ndimasamalira odwala ena, ndipo ngakhale amene manja onse awiri anafa, mbale isanalowe ndimayamba ndagwada ndi beseni.