Khutu la Muanacha

Ku Nampula munthu akafuna mtsuko wa phingo woikamo maluwa, ankamulozera kwa Atumane. Mitsuko yake inali yopepuka, ya khosi lowonda, yosalala moti ntchentche ikanatererapo. Mwiniwake naye kudzichepetsa sankakudziwa. "Manja awa, abale anga, Mulungu anawaumba Lachisanu," ankatero.

Ntchitoyo inali ya anthu awiri. Chipika ankachipana pakati pa misomali iwiri n'kuchikulunga chingwe. Mkazi wake, Muanacha, ankakoka chingwecho uku ndi uku kuti chipika chizizungulira, iye n'kumapala ndi tchizulo. Zaka makumi atatu! Koma ogula ankatamanda Atumane yekha, mayiyo n'kumangolandira moni.

Phewa la Muanacha litayamba kuvuta, mkamwini wawo anabweretsa mota yamagetsi yozunguza chipika ndi lamba. Atumane anakondwa.

"Mayi a Saide, kapumeni. Ndapeza mkazi wosadandaula."

"Azikuphikiraninso ndiwo za matapa," anayankha mayiyo.

Mtsuko woyamba unabooka pamimba. Wachiwiri unathyoka khosi. Wachitatu, chifukwa cha mantha, anausiya wokhuthala ngati mtondo, ndipo mwini hotela amene anaitanitsa mitsuko khumi anangounyamula n'kuubwezera pansi. Atumane mtima unamuwawa. Dzina lake linali kupita akuona, ndipo anayamba kukhulupirira kuti manja aja atha.

M'mawa wina Muanacha anabwera ndi tiyi, naima kumvetsera motayo.

"Mkazi wanuyu ndi gonthi," anatero. "Phingo likayamba kupyapyala limasintha kulira. Ine ndikamva, ndinkafewetsa chingwe. Inu mumayesa limadzichedwera lokha?"

Zaka zonsezo Atumane sanadzifunsepo chifukwa chimene chipika chinkafatsira nthawi yeniyeni imene iye ankafuna.

Muanacha anakoka mpando, natenga ndodo, naitsamiritsa pa lamba uja. Akamva kulira kwasintha, ankakhwefula lamba, chipika n'kufatsa. Phewa silinagwire ntchito, linagwira ndi khutu. Mtsuko umene unatuluka tsikulo, ngakhale munthu wosagula maluwa akanausirira.

Mwini hotela atabwera, anautembenuza kuti aone dzina limene Atumane ankalemba kunsi ndi msomali wamoto.

"Muanacha? Ameneyu ndiye ndani?"

Atumane analoza kumpando kuja, manyazi ndi kunyada zitamugwirira limodzi.

"Mmisiri wake ndi amenewo, bwana. Ine ndimangogwira tchizulo."