Ulusi Wofiira m'Buku la Akalaliki

Kwa zaka makumi atatu abale onse ankawatcha Akalaliki, poti iwo ankanena kuti ntchito yawo ku boma ndi yosunga mafailo. Silinali bodza kwenikweni. Mafailo ankasungadi, kungoti mkati mwake munali anthu. Akalaliki anali kazitape wa boma: jekete lotuwa, nsapato zosalira, nkhope yoti mukaiona m'basi mumaiiwala musanatsike.

Atapuma pantchito anayesa kuweta nkhuku, nkhuku zinafa. Anayesa kwaya, koma munthu wozolowera kutchera khutu saimba bwino. Ndiye anakhala patebulo lodyera ndi makope asanu n'kuyamba kulemba za moyo wawo.

Umene unawatulutsa thukuta ndi mutu wachisanu ndi chinayi. Achemwali awo anakwatiwa ndi mphunzitsi, munthu wanthabwala, wokonda mtsutso. Aphunzitsiwo ankalandira makalata ochokera kwa anzawo amene anathawa boma la nthawi imeneyo, ndipo ankawabisa mkati mwa wailesi yaikulu ya pabalaza. Tsiku lina wailesi inafa, anaitana mlamu wawo wodziwa mawaya. Akalaliki anamasula chivundikiro, anaona, anabwezeretsa, anamwa tiyi. Lolemba analemba lipoti. Aphunzitsi anamangidwira m'kalasi choko chili m'manja, ndipo anabwerako patatha zaka zinayi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Achemwali anaganizira mayi wa nyumba yoyandikana nawo kuti ndiye anawapereka. Akalaliki anangowasiya aganize choncho.

Lamulo la ntchitoyo ndi lakuti wopuma akalemba buku, ayambe walipereka ku ofesi yake yakale kuti afufute zinsinsi. Apa tisawabisire, panali kuchenjera konyansa. Mutu uja anaulemba wonse, dzina, tsiku, msewu, akudziwa bwino lomwe kuti a ku ofesi adzaupaka inki yakuda. Ankafuna kuulula popanda wowamva, kuti mtima upepuke koma achemwali azingowamwetulirabe.

Zolembazo zinabwerako zili mizeremizere yakuda. Akalaliki anangoona kuda kwa tsambalo, mtima unakhala pansi, n'kupereka kwa osindikiza osawerenganso. Anaiwala zimene iwo eni ankaphunzitsa obwera kumene: wofufuta amasaka mayina, masiku ndi malo, basi. Ulusi si chinsinsi cha boma. Ndipo dzanja lawo, lozolowera kuti lipoti lopanda tsatanetsatane abwana salikhulupirira, linali litalemba chilichonse chimene maso anaona tsiku lija. Buku loyamba kutuluka analitumiza kwa achemwali, monga mwa ulemu.

Loweruka m'mawa, m'sitolo ya mabuku, anawaikira tebulo pakati pa mashelefu kuti azisainira ogula. Mzere unali waufupi: anzawo akale angapo, aliyense akunamizira kuti mnzakeyo sakumudziwa. Kumapeto kunali achemwali, ndodo kudzanja ili, buku kudzanja linalo.

"Achemwali, bwanji osakhala pampando? Miyendo ija."

"Miyendo ilibe mlandu, achimwene. Maso ndiwo atha. Tandiwerengerani apa."

Chala chawo chinali pa mzere umodzi woyera pakati pa mizere iwiri yakuda. Akalaliki anawerenga: "Makalata asanu ndi awiri, omangidwa kawiri ndi ulusi wofiira, mkati mwa wailesi."

"Amene tinkadziwa malo amenewo tinali awiri," anatero achemwali. "Wachitatu ndi uja anabwera ndi sikuludilaiva kudzamasula wailesi. Ulusiwo mukuudziwa? Unatsala pa juzi yanu. Ndinkakulukirani kuti musamazizidwe ku ofesi."

Akalaliki anamva manyazi amene sanawamvepo zaka zonse zija. Munthu amene ankafunsa anzake mafunso mpaka kulira anasowa pogwira, anangoti cholembera gwa!

"Ndinkafuna kukuuzani, achemwali."

"Mukanafuna mukanabwera. Geti langa mumalidziwa, mumalowapo Lamlungu lililonse." Anagogoda pansi ndi ndodo. "Mayi a nyumba yoyandikana aja ndinawalalatira pamsewu, ana awo akuona. Zaka makumi awiri osawapatsa moni. Atamwalira ndinatseka mawindo kuti ndisamve nyimbo. Inu munali pompo, pampando wa malemu amuna anga, mukumwa tiyi."

"Ndikhululukireni."

"Zimenezo zidikire. Pali wina woti ndiyambe ndamupepesa ine, ndipo ali kumanda."

Anaika buku patebulo, lotsegula pa tsamba lomwelo, n'kutembenuka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Akalaliki anadzuka kuti awaperekeze.

"Khalani," anatero achemwali osacheuka. "Muli ndi alendo."

Akalaliki anayang'ana m'sitolomo. Anzawo aja, anthu odziwa nthawi yochoka, anali atazemba kale onse.