Dzanja la Elesi ndi Chitini cha Mchere

Elesi anafika ku Wankie, kunja kwa Nyasalande, mu 1951 kuchokera ku Ntcheu, kutsatira mwamuna wake, a Laiton, amene ankapakira malasha pansi pa mgodi. Kampani inawapatsa nyumba yogundana ndi yathu ku komboni ya Madumabisa, moti a Laiton akatsokomola ife tinkamva. Elesi anali wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo ine Mailesi, amene pakamwa panga sipatseka, ndinkamuyesa wonyada. Koma kuphika ankakudziwa. Nyama ya leshoni, yotigawira kampani, yolimba ngati nsapato ija ankaifewetsa mpaka fungo lake kutisowetsa mtendere.

Mu 1955 a Laiton anayamba kutupa mapazi. Majombo anakana kulowa. Akamakwera kachitunda kochokera kumgodi ankaima kawiri, dzanja pachifuwa, ali wefuwefu. Kuchipatala dokotala anawamanga lamba pamkono, napopa, napukusa mutu. A Dickson, wothandiza dokotala, munthu wakwathu, ndiwo anamasulira kuti magazi akuthamanga kwambiri, mtima watopa, madzi akudzaza m'thupi. A Laiton anapatsidwa mapiritsi ndi ntchito ya pamtunda yosamalira nyali. Kenako a Dickson anauza Elesi kuti, "Mayi, mankhwala ena ali m'manja mwanu. Mchere aikona, osathira. Soda aikona. Nsomba yamchere ija muiwale. Mukachita chibwana mukhala wamasiye."

Elesi anamva, ndipo anachita. Vuto linali lakuti ife tinaleredwa podziwa zina. Kwathu mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina amati ndi wotentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo, odyawo amadwala mdulo: mapazi amatupa, pachifuwa pamawawa. Mkazi wotero akachita mantha amaleka kuthira mchere. Ndiye taganizani, mwamuna watupa mapazi, mkazi wasiya mchere.

Amene anafalitsa nkhaniyo ndine, sindibisa. Tsiku lina ndinapita kukapempha mchere pang'ono, iye anandipatsa chitini chonse. "Tengani, amake Fideli, kuno tinausiya." Chitinicho ndinakachiika m'nyumba, mawuwo ndinakawatula kumpopi. Pofika Loweruka komboni yonse inali itadziwa kuti Elesi wadziulula yekha. Akafika kumpopi nkhani inkaduka, azimayi kumangoyang'ana zidebe zawo.

M'nyumba namonso munalibe mtendere. Ndinkawamva a Laiton kuseri kwa chipupa akudandaula kuti ndiwo zikukoma ngati madzi otsukira mbale. Munthu wotuluka thukuta tsiku lonse m'kutentha kwa kuno, ati adye zozizira? Anafika pobisa mchere m'kabokosi ka machesi. Elesi anakapeza m'thumba la jekete, nakataya m'moto iwo akuona. Iye mwini ndi mwana wawo Letty ankadya zopanda mcherezo, kuti bambo asasirire mbale ya wina. Anaphunzira kukometsa ndi nsinjiro, matimati, anyezi ndi madzi a mandimu.

Nkhani inafika kwa a Lawson, mkulu wake wa a Laiton, kapitawo wamawu akulu. Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ali ndi amayi awiri achikulire a kumpingo. Anandiitana inenso ngati mboni, ndipo ndinapita mothamanga, poti zoterezi ndinkazikonda.

"Mlamu," anatero a Lawson, "ngati mulibe kanthu kumtima, thirani mchere m'ndiwo za mng'ono wanga ife tikuona. Mukakana, mulongedze, sitima ya ku Nyasalande ilipo."

A Laiton anangoti zyoli. Zimenezo zinandinyansa ngakhale ine, chifukwa mawu a a Dickson anawamva ndi makutu awo.

Elesi anatereka miphika iwiri, waukulu ndi waung'ono. Nyama itapsa anandiyang'ana. "Amake Fideli, kanditengereni chitini chija." Ndinapita kukachitenga. Anatapa mchere ndi dzanja lake, nathira mumphika waukulu, natapanso kachiwiri kuti aliyense aone. Anapakulira a Lawson, amayi awiri aja ndi ine. A Laiton anawapakulira za mumphika waung'ono.

Anagwada nati, "Alamu, mchere ndathira. Ngati dzanja langa ndi lotentha, mutupa ndinu. Koma m'mbale ya bambo a Letty simulowa mchere ine ndili moyo. Kundithamangitsa mungathe, koma kundiphetsa mwamuna ayi."

Panalibe wotambasula dzanja. A Lawson, munthu wosaopa mwala wa pansi pa mgodi, anakhala akuyang'ana nthuli ya nyama ngati iwaluma. Ine manyazi anandigwira. Ndinasamba m'manja, ndinadya, mpaka kunyambita zala. Ndisaname, sabata yonse yotsatira ndinkadina akakolo anga m'mawa uliwonse kuona ngati atupa. A Lawson anadya nthongo ziwiri, natsazika, ndipo za sitima sanazitchulenso.

Dzina la Elesi silinayere lonse. Ena anapitiriza kunong'ona kuti anachita kusambira mankhwala. Iye ankangoperekeza a Laiton kuchipatala mwezi ndi mwezi, kuwawerengera mapiritsi, kuwalanda fodya. Chaka chotsatira majombo analowa, ndipo kachitunda kaja ankakwera osaima.

Mu 1959, m'mawa wina, ndinaona amuna anga a Pitala akulimbana ndi jombo, phazi likukana. A Dickson anandiuza mawu omwe aja. Pobwera kuchipatala ndinatenga chitini chija, chomwe chinali chidakali kwathu, ndinakagogoda kwa Elesi. Ndinkayembekeza kuti andikumbutsa zakale, ndipo akanatero sindikanamuyankha. Iye anangondisunthira mpando, nayamba kundionetsa kuchuluka kwa nsinjiro zothira mu nyemba.

Patapita masiku atatu ndinapita kumpopi. Azimayi ankaseka mokweza, koma nditangotula chidebe nkhani inaduka. Ndinkaidziwa bwino nkhani yodukayo, poti woiyambitsa ndinali ine. Elesi anachoka pamalo pake kutsogolo kwa mzere, nadzaika chidebe chake pambali pa changa. Tinadikira limodzi mpaka madzi anadzaza, ndipo ndinapita kukaphikira a Pitala nyemba zopanda mchere.