Matabwa Olira M'nyumba mwa Atate

Atate anga atayamba kuiwalaiwala, ndinkawalondera ndi makutu. Nyumba yathu ya ku Katete inali ya simenti, ndiye ndodo yawo inkamveka go! go! go! kuchokera kuchipinda mpaka pabalaza. Kaya ndili kukhitchini kaya kuseri ndikuchapa, ndinkadziwa pamene ali osasuzumira n'komwe. Ndodo ikangoloza chitseko chakumaso, ndinkasiya zonse n'kuthamanga, chifukwa msewu waukulu wopita ku Chipata uli pafupi, ndipo malole a pamenepo sadziwa nkhalamba.

Tsiku lina anaterereka pasimenti imene ndinali nditangokolopa, n'kugwera chiuno. Sanathyoke, koma anagona masiku akubuula. Alongo anga a ku Lusaka atamva, anandikalipira pafoni ngati ndachita kuwakankha.

"Simenti imeneyo iwapha atate, iwe!"

Posakhalitsa anatumiza matabwa aja oyala pansi, amene amati lamineti, pamodzi ndi mipukutu ya siponji yoyala kunsi kwake. Akutali amasamala odwala ndi katundu, zofunda zonyowa n'kumachapa ife.

Mmisiri atayamba kuyala siponjiyo, ndinaitsina ndi zala. Kupyapyala kwake ngati nsalu ya chitenje! M'maganizo ndinaona atate akugweranso pamenepo.

"Bambo, ikani ziwiri," ndinatero.

"Mayi, imayalidwa imodzi. Mukasanjikiza, matabwa azidzanjanja, ndiye molumikizamo muzidzalira."

"Mulire! Chiuno cha atate anga ndi matabwa anuwo, chachikulu n'chiti?"

Ine ndikapsa mtima sindimva za munthu, anthu a kumpingo amandidziwa. Mmisiri anangoti, "Nyumba ndi yanu," n'kusanjikiza. Pomaliza anaveka ndodo ya atate kamphira kunsonga kuti isamakande matabwa. Ndinaponda uku ndi uku, pansi pali wofuwofu, ndipo ndinadziyamikira kuti ndaganiza bwino.

Sabata isanathe, masana ena, ndinali kuseri ndikuswa nshawa. M'nyumba munali zii, ine n'kumati atate akuwodzera pampando wawo. Ndinaswa lichero lonse mtima uli m'malo. Nditalowa kuti ndiwapatse madzi, mpando uli wokha, jekete lawo la ku tchalitchi palibe pamsomali, chitseko chili pululu.

Mayo ine! Ndinathamanga opanda nsapato, chitenje chili m'manja. Kumsewu mahutala a magalimoto ankalira. Ndinkangoti, Ambuye, asawoloke, asawoloke.

Ndinawapeza ataima phazi limodzi paphula, atakweza ndodo kuimitsa lole imene inkabwera ndi liwiro. Mphepo yake inawakupizira jekete kumaso. Ndinawagwira mkono. Iwo anandiyang'ana mwaulemu, ngati mlendo.

"Mayi, basi ya ku Vubwi yapita kale? Ana akundidikira m'kalasi."

Ku Vubwi ndi kumene anaphunzitsa ali mnyamata, ine ndisanabadwe. Ndinawakokera m'mbali n'kuwayankha.

"Aphunzitsi, sukulu anatsekera. Tiyeni tikapume."

Anavomera, ndipo tinabwerera pang'onopang'ono, ndodo ija ili phee ngakhale pamiyala.

Kamphirako ndinakachotsa tsiku lomwelo, koma pamatabwa ofewawo ndodo inkangoti fu, fu, kukhitchini osafika. Ndinayesa kukiya chitseko. Anachigogoda akulira, akufunsa chimene alakwa kuti atsekeredwe, mpaka ndinatsekula ndi manyazi. Kuyambira pamenepo ndinasowa mtendere. Ndiwo zinkapserera, zochapa zinkagona m'beseni, ine ndili kusuzumira pabalaza ngati nkhuku yofuna poikira. Bata la m'nyumba mwanga lomwe linkandiopsa.

Mvula itayamba, m'mawa wina ndikutsuka mbale, ndinamva kwii. Kenako kwii, kwii. Ndinaima ndi mbale m'manja. Anali matabwa aja, molumikiza mutayamba kumasuka monga ananenera mmisiri. Pakhomo la chipinda ankalira mokweza, pakati pabalaza motsitsa, ndipo pafupi ndi chitseko chakumaso panali thabwa lina lolira ngati kamwana ka mbuzi. Ndinakhala pansi m'khitchinimo n'kuseka ndekha, misozi ili chuchuchu.

Pa Khirisimasi alongo anga anabwera. Atangoponda pabalaza anachita tsinya.

"Ichi n'chiyani? Matabwa atsopano kulira chonchi? Mawa tiitane mmisiri achotse siponji imodzi."

"Alongo, musawakhudze."

"Alendo aziti chiyani?"

"Aziti nyumba ino muli munthu. Inu mubwerera ku Lusaka, ine nditsala ndi msewu uwo."

Ndisanamalize, kambuzi kaja kanalira. Ndinanyamuka mawu ali m'kamwa, n'kuwapeza atate atagwira kale chotsekulira, jekete lili paphewa. Alongo anga anaona okha, ndipo za mmisiri sanazitchulenso.

Atate anatisiya chaka chatha, ali pabedi lawo, osati pamsewu. Matabwa aja tsopano akutha, ena atukuka m'mbali, ndipo aliyense wobwera amandiuza kuti ndiwachotse. Ndimayankha kuti ndichotsa. Koma mpaka lero, mlendo akaponda thabwa la pachitseko lija, ndimasiya mbale m'madzi n'kuthamangira pabalaza manja ali nyowe.