Loko Wosaoneka wa pa Geti la a Tenson

Ku Silverest, dera la nyumba zatsopano kunja kwa tauni, mpanda umayamba kutha nyumba isanafike pawindo. Munthu amagula puloti lero, mawa wazunguliza njerwa zotalika kuposa mwini wake, pamwamba waya wamagetsi, pomwe mkatimo muli mulu wa mchenga ndi wilibala basi. Ndiye mpanda uliwonse umafuna geti, ndipo geti lililonse limafuna munthu wolitsegula. A Tenson Sakala anali mmodzi wa otsegula amenewa. Anakhala zaka zisanu ndi zitatu pa geti la Amai Eva, limene kuseri kwake kunali nyumba yaikulu ya eni ake ndi tinyumba tinayi ta lendi.

Anabadwira ku Petauke, koma anakulira ku Bundabunda, kumene makolo awo anasamukira pofuna minda. Sukulu analekezera giredi naini. Analima chimanga ndi nshawa mpaka chaka chimene akazi awo, a Tisauke, anamwalira. Ana awiri anali atakula kale ndi kupita kwawokwawo, ndipo nyumba ya zipinda ziwiri inayamba kuwakulira. Anasiyira mng'ono wawo munda, nakwera minibasi ndi chikwama chimodzi.

Ulonda anauphunzira kwa nkhalamba ina imene anaipeza pa geti lawo loyamba, ndipo lamulo lake linali limodzi: loko sayang'ana ndi maso, amamugwedeza ndi dzanja. Choncho m'mawa uliwonse a Tenson ankazungulira mpanda kugwedeza loko wa pathanki, wa kusitolo, wa pajenereta. Palibe anawatuma, palibenso amene iwo ankamupempha chilolezo. Akamaliza ankakhala m'kanyumba ka pageti kudikira hutala. Anthu a magalimoto moni wawo ndi womwewo, pii pii, galasi lili chitsekere. Tsiku linkatha a Tenson atayankhula mawu osakwana khumi, ndipo zinkawawawa ngakhale sankanena.

Amene ankatsitsa galasi anali Yoramu yekha, wa m'kanyumba kachitatu, yemwe ankagwira ntchito ya makompyuta ku tauni. Tsiku limene ankasamukira ku Ndola anawabweretsera laputopu yakale yothyoka msana, yoti kuti iime inkafuna kutsamira njerwa.

"Ba Tenson, imwe na ine nchito ni imozi," anatero Yoramu. "Imwe mulonda mageti, ine nilonda makompyuta. Mukati muli mavidiyo. Muziyaonera mukaboweka."

Anawaonetsa poyatsira ndi podina, kenako anakwera lole ya katundu wake n'kupita. Amai Eva atamva kuti mlonda wawo ali ndi kompyuta anaseka, nawapatsa pasiwedi ya wayifayi kuti azionerako mpira. Kanyumba ka pageti kanali ndi soketi imodzi. Soketi imeneyo ndi wayifayiyo ndiyo inakhala sukulu yawo yonse, chifukwa kwawo ku Bundabunda kunalibe magetsi, ndipo a Tenson ankadziwa bwino kuti tsiku lochoka pa getilo ndi tsiku lomwelo lotsekera sukulu.

Mpira sanaonere ngakhale kamodzi. M'mavidiyomo anapezamo ntchito imene sankadziwa kuti ilipo padziko: anthu amene kampani imawaitana kuti ayese kuthyola makompyuta ake, n'cholinga choti apeze pofooka akuba asanapapeze. A Tenson anaseka okha. Uku si kugwedeza loko kodi? Mu laputopumo munali Kali, bokosi la zipangizo za ntchitoyo. Chipangizo chimene anachikonda kwambiri chinali nmap, chimene chimayenda khomo ndi khomo la makina kugogoda, kenako n'kukuuza kuti ili ndi lotseka, ili ndi lotsegula. Chizungu cha aphunzitsi a m'mavidiyomo chinkathamanga ngati cha pawailesi, ndiye ankaimitsa vidiyo, n'kulemba m'kope la ana asukulu, n'kubwereza. Hutala ikalira ankasiya mzere pakati n'kuthamangira kugeti.

Pa intaneti pali makina ophunzirira, opangidwa dala ofooka kuti ophunzira aziwathyola. Oyamba anawatengera masabata atatu. Tsiku limene analowa, munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri anaimirira n'kukweza manja ngati wagoletsa chigoli, kenako anayang'ana uku ndi uku. Panalibe womuuza. Anaimbira mwana wawo wamkazi ku Chipata, nayesa kumufotokozera.

"Atate, muzipumulako," anatero mwanayo. "Mwadya?"

Aphunzitsi onse a m'mavidiyo ankayamba ndi chenjezo lofanana: usakhudze makina a munthu popanda chilolezo cholembedwa papepala. A Tenson analilemba m'kope, nalidula mizere iwiri kunsi. Koma tisabise, mumtima mwawo ankati lamulolo ndi la pamakomo a eni. Pano panali pawo. Mlonda ndani amalembera bwana kalata kuti amulole kugwedeza loko wa pathanki?

Lamlungu lina masana, a lendi onse atapita kutchalitchi ndi kokaona abale, anatembenuzira nmap pa wayifayi ya pamalopo. Anaona mafoni, wailesi yakanema, kenako kabokosi kosunga zithunzi za makamera. Khomo lake linali lotsegula. Analemba pasiwedi imene makinawo amabwera nayo kuchokera kufakitale, imene mwana aliyense angaipeze pa intaneti, akuganiza kuti ikana. Sinakane.

Panatuluka zithunzi zinayi. Choyamba chinali geti, ndi iwo eni atawerama m'kanyumba kawo. Chachiwiri ndi chachitatu zinali bwalo. Chachinayi sankachidziwa kuti chilipo. Chinali cha m'chipinda chochezera cha nyumba yaikulu, kamera imene Amai Eva anaikitsa kale kuti aziona wantchito ali ndi mwana. Amai Eva anali atakhala pansi pa matailosi, wigi atavula, mapazi m'beseni, akulira chamumtima maso ali kukhoma. A Tenson anatseka laputopu mwamphamvu mpaka njerwa inagwa. Anali ataona mwina masekondi atatu.

Wina akanangokhala chete, ndipo mpaka lero akanakhala ali pa geti. Koma mlonda akapeza loko wosakhoma amakanena, ndipo chinawasautsa n'chakuti ngati iwo analowa, mnyamata aliyense woima kuseri kwa mpanda amene anamvapo pasiwedi ya wayifayi kwa wa lendi akanalowanso. Anang'amba pepala m'kope, nalemba bwinobwino zinthu zitatu zoyenera kusintha. Kunena zoona, munalinso kachimwemwe mumtima mwawo. Kwa nthawi yoyamba anali ndi chinthu choonetsa munthu.

Lolemba m'mawa galimoto ya Amai Eva itafika pageti, a Tenson anaimika dzanja. Galasi linatsika.

"Amai, pepani. Makamera yanu yali monga nyumba yamene sanakhome. Pasiwedi ni ija ya ku fakitale. Aliyense angangene. Nalemba apa vochinja, na wayifayi yamene muchinje."

Amai Eva analandira pepalalo osaliwerenga. "Mwaziba bwanji?"

"Ninayesa, amai. Inaseguka."

"Munayesa." Anazimitsa injini. "Liti?"

"Mailo, muzuba."

"Munaona chani, Ba Tenson?"

Apa ndiye pamene munthu wochenjera akanati geti ndi bwalo basi. A Tenson anayang'ana nsapato zawo.

"Ninaona imwe, amai. Pang'ono chabe. Ninatseka laputopu pamene apo."

Nkhope ya Amai Eva sinakwiye. Inachita manyazi, ndipo a Tenson anaona kuti bola ikanakwiya. Mayi ameneyu ankatuluka tsiku lililonse atadzikonza ngati wa pakalendala, ndipo pa anthu onse a padziko amene akanamuona ali pansi paja, anamuona ndi munthu womutsegulira geti. Galasi linakwera pang'onopang'ono, injini inalira, ndipo iwo anatsegula geti monga mwa masiku onse.

Sabata yonseyo Amai Eva ankadutsa maso ali kutsogolo, ndipo a Tenson laputopu sanaitsegulenso. Lachitatu kunabwera galimoto ya kampani yokonza makamera, inakhala ola limodzi n'kupita. Lachisanu madzulo dzuwa lisanalowe Amai Eva anawaitanira a Tenson pakhonde, malo amene pa zaka zonsezo anali asanakhalepo pampando.

"Simunabe kanthu, niziba," anatero Amai Eva. "Nizalemba kalata yabwino, muzapeza nchito kwina. Koma ine siningakwanise kupita pa geti paja everyday na kumiyanganani. Munifunse chabe, Ba Tenson. Chifukwa chani simunanifunse?"

Yankho linali m'kope, lodulidwa mizere iwiri, koma silikanathandiza aliyense. Anapepesa, ndipo anapepesa moona.

Loweruka m'mawa anapereka makiyi, yunifomu ndi tochi. Anamanga zovala m'chikwama, laputopu anaikulunga m'chitenje chakale. Atatuluka panja anakumbukira kuti panatsala maphunziro asanu ndi limodzi amene anali asanawatsitse, okhudza kalembedwe ka lipoti ukamaliza kuyesa. Minibasi inali isanabwere. Anakhala pa mulu wa njerwa za puloti yoyandikana, natsegula laputopu pamaondo atautsamiritsa msana wake pachikwama, akuganiza kuti mphindi khumi zikwana.

Makinawo anazungulira, anazungulira, kenako anati pasiwedi ndi yolakwika. Analembanso mosamala, chala chimodzichimodzi. Yolakwika.

Amai Eva anali atawerenga pepala lija. Anasintha zonse zitatu, monga mmene iwo analembera. A Tenson anayang'ana dzina la wayifayiyo likuwala pagalasi, mizere yake yonse yodzaza, mamita asanu okha kuchokera pamene anakhala. Mu laputopumo munali zipangizo zoyesera khomo ngati limenelo, ndipo ankadziwa kuzigwiritsa ntchito. Zala zawo zinaima pamwamba pa mabatani kwa kanthawi ndithu.

Anatseka laputopu. Chinawadabwitsa n'chakuti pakati pa chisoni chonsecho panali kunyada pang'ono, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu amvere malangizo awo pa ntchito imeneyi, ndipo ntchitoyo inagwirika bwino. Anafuna kuuza wina. Mumsewu munali fumbi lokha ndi mipanda mbali zonse ziwiri, ndipo batire linali litatsala ndi mphindi makumi anayi zoti akazigwiritse ntchito ku Bundabunda.