Tsiku Limene Ndinakwera Phiri ndi Thumba

Ndinakhala mkamwini zaka zisanu ndi ziwiri m'mapiri a ku Ntchisi, kumudzi kwa mkazi wanga. Munda unali wawo, nyumba ndinamanga pamalo pawo, ndipo pa za ana anga atatu mawu omaliza anali a malume awo, alamu anga.

Chaka chimene tinasiya kuyenda ndi makhadi a chipani, aliyense ankati ufulu wafika. Ine ndinakhulupirira. Tsiku lina m'mawa ndinaika malaya awiri ndi bulangete m'thumba, n'kuyamba kukwera njira yodutsa pamwamba pa phiri. Inali njira ya mbuzi, ya miyala yoterera, ndipo nkhungu ya mu Juni inkandinyowetsa nsidze. Nditafika pamwala umene apaulendo amatulirapo katundu, nkhungu inachoka. Kumadzulo chidikha chonse chinaonekera: zigafa za fodya, malata a ku Mponela akunyezimira, ndi msewu wa tala wopita kwathu. Mapiri ena anangondandalikana ngati ng'ombe zogona.

Kulakwa kwanga kunali kucheuka. Kumbuyo, m'munsi mwenimweni, ndinaona denga limene ndinafolera ndekha, ndi tizovala ta ana titayanikidwa pampanda. Mkamwini akachoka amachoka yekha, ana amatsala.

Ndinakhala pamwalapo mpaka dzuwa linafika paliwombo, kenako ndinatsikira komwe ndinakwerera. Ndinakumana ndi alamu anga pamtsinje. Anayang'ana thumba lija, n'kundifunsa kuti, "Mwachokera kuti, alamu?"

"Kokaona phiri."

"Lilipo?"

"Lilipo," ndinayankha. "Lingapitenso kuti?"