Kapinga wa Amake Tamara

Ku Makandanyama, komboni ya mu Kabwe, mukafunsa nyumba ya Eness Daka, adzakufunsani kuti Eness wake uti. Koma mukati amake Tamara, aja a kapinga, ngakhale wogulitsa makala pamsewu adzakulozerani. Lero dzinali ndi laulemu, koma linayamba ngati chitonzo.

Eness anabadwira mu Kabwe momwemu, kwa makolo ochokera ku Petauke. Bambo ake anabwera kudzagwira ntchito ya njanji, mayi ake anabwera ndi tsache. Kwawoko mkazi amamuyesera pabwalo. Pakamera udzu ndiye kuti mwini nyumba ndi mlesi, kapena wadwala, kapena anaikidwa kale m'manda. Atakwatiwa ndi Evaristo, wowotcherera zitsulo ku Katondo, Eness anasandutsa bwalo lake kukhala losalala ngati chikhatho. Ankasesa m'mawa, n'kusesanso dzuwa likapendeka, fumbi kobo mpaka kwa aneba. Kaudzu kakangosuzumira ankakazula mwaukali ngati kamutukwana. Ndipo ankanyada, tisabise. Amayi a mphakati akabwera kudzapemphera kolona, ankawayalira mphasa panja dala kuti aone.

Tamara, mwana wake mmodzi yekhayo, anakwawira pabwalo lomwelo, n'kumanyambita dothi monga ana achitira. Atakwana zaka zisanu, mayi ake anamumangira katsache kakeke kuti aphunzire ukazi.

Mavuto anaonekera kusukulu. Zimene waphunzira Lolemba, pofika Lachiwiri zauluka. Pabenchi sankakhazikika, ndipo mnzake akangomukhudza pang'ono, nkhondo. Tsiku lina, Tamara ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, aphunzitsi ake, mayi Prudence, anaitanitsa Eness.

"Amake Tamara, mwana wanu ativuta maningi," anatero. "Chaka chachibili mu giredi thuu, zina yake akangiwa kulemba. Lelo aluma munzake pa kwanja. Ba hedi bakamba ati ngati sachinja temu ino, mumusunge chabe ku nyumba."

Eness anabwerera manyazi atamukwana. Anathyola kamtengo n'kumukwapula mwanayo, ndipo chilango chotsatira mukuchidziwa kale: asese bwalo lonse, abwerezenso. Madzulo Evaristo atamva nkhaniyo anangopukusa mutu.

"Sukulu si ya bonse, amake Tamara. Musiyeni azikuthandizani kugulisa vitumbuwa."

Bana Given, ndiye kuti amake Given, mnansi wa kuseri kwa mpanda, amene makutu awo safuna kuitanidwa, anaponyapo lawo. "Awe mwandi, izi ni za banthu. Mupelekeni kuli ba profeti."

Eness anakana zonse ziwiri. Iye mwini analekezera giredi folo, ndipo ankadziwa bwino mmene mtsikana wosiya sukulu amathera. Koma kukana si mankhwala. Temu inali kutha, mwana osasintha, ndipo Eness anasowa pogwira.

Chinawapititsa ku kiliniki ndi m'mimba. Tamara ankadandaula kupotokola masabata angapo, chakudya osachifuna. Nesi wake, dzina lake Nelly, anamubaya pachala n'kuika kadontho ka magazi m'kamakina. Kamakinako kanakana kupereka nambala, chifukwa inapitirira pamene kamalekezera kuwerenga. Nelly anayang'ana mwanayo, kenako mayiyo.

"Asobelela kuti uyu mwana? Pa yadi panu pali bwanji?"

Apa Eness anawongola msana, pakuti funso limeneli ankalikonda. "Pa yadi panga, ba sista, simungapeze olo kauzu kamozi. Tisesa kabili pa siku. Na uyu asesa, ninamuphunzisa akali mung'ono."

Nelly anaika cholembera pansi. Anafotokoza mosathamanga kuti mgodi wa mtovu wa mu Kabwe unatsekedwa kalekale, koma mtovu wake, umene kuno amangouti ledi, unatsala m'dothi la makomboni ozungulira. Dothi likauma n'kuuluka, mwana amalipuma ndi kulimeza, ndipo mtovuwo umakakhala m'magazi mpaka kufika ku ubongo.

"Ndiye chifukwa aibala, ndiye chifukwa akalipa musanga," anatero Nelly. "Si mwano, mayo, ni matenda. Munkhwala tizamupasa, koma sinizakunamizani: vina vamene vinaonongeka sivibwelela vonse. Chikulu ni chakuti lukungu, iyi fumbi, isile pa nyumba. Shangani kapinga. Mukafuna kusesa, thilani manzi poyamba."

Eness sakumbuka mmene anayendera kubwerera kunyumba. Anakhala pakhonde n'kumayang'ana bwalo lake, mizere ya tsache ya m'mawa idakali kuoneka. Zaka zonsezi iye ankati akulera mwana mwaukhondo, osadziwa kuti akumumwetsa poizoni ndi manja ake, ndipo mwana akadwala nazo, amamukwapula n'kumutumanso kufumbi komweko. Chisoni chimene chinamugwira tsiku limenelo amati sanachimvepo ngakhale pamaliro a mayi ake. Anaitana Tamara, n'kumukhazika pamiyendo ngakhale anali wamkulu kale.

"Unikhululukile, mwana wanga. Sin'naziwe."

Tamara sanamvetse kuti akupepesedwa chifukwa chiyani. Anangofunsa ngati lero asesenso.

M'mawa mwake Eness anabwereka khasu n'kuyamba kugaula bwalo lija. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Evaristo poyamba anang'ung'udza, koma ataona kuti mkazi wake sabwerera m'mbuyo, anapempha mnzake wa lole kuti abweretse dothi lakuda kuchokera kutali, cha ku Mulungushi. Kapinga Eness anakapempha ku parishi, n'kubwera naye pamutu m'beseni. Unali mwezi wa Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, mpope ukutulutsa madzi mwa apo ndi apo. Madzi otsukira mbale, ochapira, osambira, onse ankathera pabwalo.

"Mwayamba kusunga mbuzi, bana Tamara?" ankafunsa bana Given pamwamba pa mpanda. "Olo mufuna njoka zizikuchezelani?"

Amayi a mphakati ankanong'onezana kuti matenda a mwana alowa mwa mayi. Apo ndi pamene dzina lija la amake Tamara a kapinga linabadwira, ndipo linkamupweteka, chifukwa munthu amene wakhala akutamandidwa ndi bwalo savomera msanga kusekedwa nalo. Kapinga woyamba anauma. Wachiwiri nkhuku za eni zinamupalasa. Wachitatu anamutchinga ndi minga, mvula inagwa, ndipo anagwira.

Mankhwala nawo anali nkhondo ina. Makapisozi ake ankanunkha ngati dzira lowola, Tamara n'kumawalavula. Eness ankawatsegula n'kusakaniza ndi nthochi yokanya, n'kuima pomwepo mpaka mwana ameze. M'nyumba tsache linaletsedwa, kunali kukolopa basi. Kusamba m'manja kunakhala lamulo loposa Malamulo Khumi.

Ndiye Eness anavala chitenje chake cha kutchalitchi, natenga pepala la ku kiliniki, n'kukagogoda kwa a hedi. Sanapite kukapempha chifundo.

"Mwana wanga si wopusa, ba hedi, adwala. Pepala iyi. Ngati enzo dwala malaria sembe munamupisha? Munkhalikeni kusogolo. Akayamba kukalipa, osamumenya, niitaneni. Nizankhala pa geti."

Ndipo anakhaladi pageti. Beseni la zitumbuwa analisamutsa kuchoka kumsika n'kuliika pansi pa mtengo woyang'anana ndi kalasi ya Tamara, ndipo anakhala pamenepo zaka zitatu, dzinja ndi chilimwe. Mayi Prudence akangotulutsa mutu pawindo, Eness ankasiya malonda, n'kulowa, n'kumutulutsa mwana wake kukayenda naye kuseri kwa kalasi mpaka mtima utatsika. Poyamba zinkachitika tsiku lililonse. Kenako kawiri pa sabata. Kenako mwezi unkatha windo osatseguka.

Ana ena amaphunzira kulemba ndi chala padothi, koma kwa Tamara zimenezo zinali zoletsedwa. Evaristo, amene tsopano anasiya zonena kuti sukulu si ya onse, anadula chitsulo chophwatalala kuntchito, n'kuchipaka penti wakuda, n'kuchikhomera pakhonde. Mayi Prudence ankawapatsa tizidutswa ta choko. Chilembo chimodzi chinkatenga sabata, nthawi zina n'kuthawanso, n'kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Eness, amene kale anali wapamtima pafupi, anaphunzira kudekha mokakamizidwa.

Nambala ya m'magazi inayamba kuwerengeka, kenako kutsika pang'onopang'ono. M'mimba munaleka. Tsiku lina masana bana Given anatulukira pageti atanyamula beseni lopanda kanthu, maso ali pansi. Mwana wawo wamng'ono anali atamuyeza ku kiliniki, nayenso n'kumupeza ndi mtovu m'magazi.

"Nipempako ka kapinga, bana Tamara."

"Mbuzi mwagula zingati?" anafunsa Eness. Koma khasu anali atalitenga kale, ndipo anakawathandiza kubzala. Lero mzere wonse wa nyumba zimenezo ndi wobiriwira, ndipo amene ankaseka kwambiri ndi amene amathirira kawiri.

Musaganize kuti Tamara anasanduka katswiri. Nelly sananame. Giredi folo anabwereza, masamu mpaka lero amamuzunguza mutu, ndipo anzake ankamutcha agogo a kalasi chifukwa anawaposa onse msinkhu. Kangapo konse anaponya makope pansi n'kunena kuti wasiya. Eness ankawatola, n'kuwapukuta, m'mawa n'kumuperekeza. Mayeso a giredi seveni analemba ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Akanalephera, panalibenso mphunzitsi amene akanamulola kubwereza kalasi kachitatu, ndipo onse m'nyumbamo ankadziwa zimenezo ngakhale sankazitchula.

Zotsatira zinatuluka mu Disembala, masana, Eness akukazinga zitumbuwa. Evaristo anathamanga kuchokera ku Katondo, manja ali bii, n'kutumiza nambala ya mayeso pafoni. Anadikira. Mafuta anayamba kupserera pambaula, osapezeka wophula. Foni italira, Evaristo anaipereka kwa mkazi wake, akuti iye alibe mtima woti ayang'ane. Eness anailandira, koma misozi inali itatseka kale maso, moti sankaona kanthu.

"Leta, amama," anatero Tamara, n'kutenga foniyo.

Anaika chala pansi pa mzere woyamba. Anawerenga dzina lake, Tamara Daka. Anawerenga phunziro lililonse ndi malikisi ake, mawu amodzi amodzi, osadumpha, osafunsa munthu. Pa masamu anaseka pang'ono. Atafika pamzere womaliza anaima, milomo ikuyenda yokha, kenako anakweza mawu kuti wakhoza, apita ku sekondale.

Evaristo anakuwa mpaka agalu a m'komboni anayankha. Bana Given analiza nthungululu kuseri kwa mpanda, pakuti anali akumvetsera monga mwa masiku onse. Eness yekha ankangoyang'anabe pakamwa pa mwana wake.

"Amama, mwamvela?" anafunsa Tamara. "Napasa. Olo nibwezepo?"

"Bwezapo," anatero Eness. "Yambila pa zina."

Ndipo Tamara anayambiranso kuwerenga.